Tepi ya a Januario Sandalamu

Anamfedwa nonse, mdzukulu wa malemu, Anjelina, ali wamng'ono anafunsapo kuti: "Agogo, bwanji mumayeza mphuno za anthu musanawajambule?" Mbiri iyi iyankha funsolo.

Malemu a Januario Sandalamu anabadwa pa 9 Juni 1946 kwa Tengani, m'boma la Nsanje. Sukulu anayambira pamishoni, koma analekezera panjira bambo awo atamwalira. Mu 1965 anabwera ku Blantyre, nalembedwa ntchito pakampani ina yojambula mafilimu a zaulimi. Masana ankasenza miyendo ya kamera, madzulo ali kusukulu yausiku.

Mu 1970 anawapatsa udindo wa fokasi, kutanthauza kuonetsetsa kuti nkhope yatuluka bwino, osati mbuu. Achinyamata, musaganize za foni zanuzi. Filimu nthawi imeneyo inkapita kunja kukatsukidwa. Ukaphonya, unkadziwa patatha mwezi, anthu aja atabalalika kale. N'chifukwa chake malemu ankakoka tepi kuchokera pakamera mpaka pamphuno ya munthu, kenako n'kupotokola galasi kufika pa nambala yake. Galasi lina manambala ake ankanama pang'ono. Sanalitaye. Analiyesa mofatsa, n'kulembapo zizindikiro zawo ndi singano. Ndi mmenenso ankachitira ndi anthufe.

Mu 1972 anamanga banja ndi mayi Clara. Amene analipo amati pakhomo la tchalitchi mkwati anayamba wayeza mphuno ya mkwatibwi asanapereke kamera kwa mnzake, ansembe akudikira. Mayi anatisiya mu 2015, koma pafilimu ija nkhope yawo imaoneka mpaka kadontho ka patsaya.

Kampani itatsekedwa mu 1994, anawatsanzika ndi kamera ija ndi magalasi ake. Anakhazikika kuno ku Mbayani. Tepi yawo itaduka, anakabwereka ya a Bashiru, telala woyandikana nawo nyumba. Sanabweze mpaka lero. Wina ankapita kutchalitchi, wina kumzikiti, koma tiyi ankamwera pakhonde limodzi.

Mu 2021 maso anayamba kuchita ng'ala. Chaka chatha anadwala sitiroko, ndipo anatisiya Lachiwiri lapitali kuchipatala. Pa matenda onsewa sanadandaule za thupi lawo. Nkhawa yawo inali magalasi: akangokhala m'bokosi dzinja limodzi, chuku chimawadya mkati, ndipo sakonzekanso. Ankaopanso kuti pogawana katundu, ife osadziwa tidzawaona ngati zitsulo zakutha.

Malemu asiya ana atatu, a Rafaeli, a Brenda ndi a Jonas, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, komanso mchemwali wawo ku Nsanje. Tikuthokoza amphakati wathu wa kutchalitchi, akwaya, adzukulu okumba manda, amayi amene akhala nafe pasiwa, ndi abale athu akumzikiti amene abweretsa nkhuni ndi mabenchi.

Tsopano achibale mumve bwino, poti ndauzidwa kuti ndinene pagulu. Kamera ndi magalasi sizili pa katundu wogawana. Malemu anaitana a Bashiru, nawapempha kuti azisunge m'kabati yawo youma, azizitulutsa kuti zipitidwe mphepo, kufikira Anjelina atamaliza sukulu n'kudzazitenga. A Bashiru anawagwira dzanja, nati: "Achimwene, ndisunga. Ndi tepi yanga ija ndidzampatsa yomweyo."

Usani mumtendere, a Januario. Loweruka likubwerali, kukacha bwino, a Bashiru atsekula bokosi.