Thanki ya a Namalima Isafe ndi Njala

...ndiye tangoganizani, munthu wa madigiri, taye pakhosi, ali pa kabaza kuchokera ku Khonjeni, chidebe cha ndowe atachifungata ngati khanda lopita ku sikelo. Wakabaza ujatu mpaka lero akaona munthu wa taye amathawira m'tiyi!

Aa, chimkuzamawu mwayatsa kale? Pepani, ndimangofotokozera a tebulo lino.

Abwana manejala, akuluakulu a ku ofesi, akapitawo, amayi Lestina ndi ana onse a kwa Namalima, anzanga a m'fakitale ndi othyola tiyi, ndakuonani nonse. Ndine Fabiano wa ku boyila. Tiyi aliyense amene amamwedwa kunja kwa nyanja anayamba wadutsa pa moto wanga. Sukulu ndinalekeza msanga chifukwa aphunzitsi zondiphunzitsa zinawathera.

Lero a Elijah Namalima akupuma pa ntchito. Ndipo mphekesera mwaimva: akuti iwo akangochoka, thanki yawo ya gasi ikwiriridwa, poti palibe woisamala. Sungani zimenezo.

Bambowa anabwera kudzachita kafukufuku wa mphamvu. Tsiku loyamba anaima pa boyila n'kufunsa, “Achimwene, moto uwu ukuchokera kuti?”

Ine: “Ku nkhuni, bwana.”

“Ayi. Ku dzuwa. Bulugamu amangosungira.”

Ndinayang'ana kumwamba, ndinayang'ana iwo, mumtima ndinati atitumizira wodwala.

Kwa iwotu dzuwa, udzu, ng'ombe, inu ndi ine, tonse tikungopatsirana mphamvu imodzimodzi. Ndiye ankayeza chilichonse. Anagona chafufumimba pa chulu tsiku lonse, ati aone momwe chiswe chimaziziritsira nyumba popanda magetsi. Podzuka, chiswe chinali chitadya nsapato ndi theka la lamba. Ine anandiyezanso. Anapeza kuti kutentha kotuluka pakamwa pangapa kungaumitse tiyi wa sabata yonse, vuto ndi pomangirira payipi.

Tsono thanki. Kukhitchini kumene timalandira phala, amayi Teleza ankaphikira nkhuni zaziwisi. Maso psuu, misozi chaka chonse, anthu odutsa ankawapepesa maliro. A Namalima anakumbitsa thanki kuseri kwa khola la ng'ombe. Umathiramo ndowe ndi zinyalala za tiyi, tizilombo tosaoneka timadya, tikakhuta timageya, mpweyawo umayenda m'payipi mpaka kukhitchini. Moto wabuluu, wopanda utsi! Anatiuza, “Thanki iyi ndi yamoyo. Muziidyetsa.”

Kenako tinamva kuti kukubwera alendo ogula tiyi, aja oyendera ukhondo. Mukudziwa mwambo wathu pa esiteti pano. Kukamabwera alendo timachapa chilichonse. Miyala timaipaka laimu, mitengo laimu, galu akachedwa kudzuka nayenso laimu. A Namalima anali ku msonkhano ku Bvumbwe. Akapitawo, musabise nkhope, munati, “Chilichonse!” Thanki tinaikapa, tinaikwecha ndi sopo, tinathiramo mankhwala a m'chimbudzi. Inawala moti amayi ena ankadziyang'aniramo pomanga duku.

Eniake atabwera ananunkhiza. “Bwanji pano pakununkhira?”

“Tachapa, bwana!”

Anakhala pansi pafumbi. “Ana a amayi, mwapha mtundu wonse.”

Ng'ombe zathu zinali zitangobayidwa jakisoni, ndowe zake zopanda ntchito poti mankhwalawo anapha tizilombo. Ndiye ulendo wa ku Khonjeni uja, kukapempha tizilombo tatsopano kwa ng'ombe za eni. Amayi Lestina, ndikumva kuti sabata imeneyo bambo ankadyera pakhonde. Osayankha, ana ali pano.

Koma tamverani. Bwana wina akanatichotsa ntchito tonse. Iwo anatisonkhanitsa, anatipatsa ndodo yotakasira, anatiphunzitsa mmodzimmodzi mpaka tinamvetsa. Sanatukwanepo munthu. Kalaliki ndi wothyola tiyi ankawapatsa moni wofanana. Magetsi akazima, phala limapsabe. Bulugamu wa kumtunda uja akanatha kalekale, lero alipo. Amayi Teleza, taimirirani. Taonani masowo, oyera ngati a mtsikana. Ulusi amalowetsa okha pa singano. A Namalima, zikomo. Zaka zonsezi munatigwirira ntchito, ndipo ife tinaona.

Ndiye mwati thanki ikwiriridwe, amayiwa abwerere ku utsi? Bambowa akapume bwanji kwawo ku Kapichi, akudziwa kuti tizilombo tawo tikufa ndi njala?

Musadandaule, nkhani yabwino ndaisungira kumapeto. M'mawa uno abwana manejala anandiitana ku ofesi. Anandigwira paphewa, akuti, “Fabiano m'bale wanga, thanki sitikwirira. Iwe ndi amayi Teleza muziidyetsa, ine ndizipereka ngolo yotutira ndowe.”

Eya! Nthungululu, amayi! Zikwezeni!

Si choncho, abwana? Yang'anani kuno, telefoniyo ikudikirani. Si choncho? Agwedeza mutu! Akumbuyo mwaona? Akapitawo mwaona? Abusa, inu ndinu mboni.

A Namalima, mpango uwo, pukutani. Pitani mukapume. Mukadzuke dzuwa litakwera, likakupatseni mphamvu zija mumanena. Amayi Lestina, tikukubwezerani amuna anu amoyo, koma mukaona akuyang'anitsitsa ng'ombe ya aneba, bisani chidebe.

Ndisanakhale pansi, kanthu kamodzi kokha. M'mawa uno abwana sanandiitane. Ofesi yawo sindinalowemo chibadwire, sindidziwa ngakhale mtundu wa makatani. Koma mutu uja agwedeza okha, masana ano, pamaso pa abusa.

Ngoloyo tiiyembekezera Lolemba, abwana. Tiyeni tiwaombere m'manja a Namalima, mpaka amve ku Khonjeni!