Mawotchi Awiri pa Zenera Limodzi

Dzuwa lili paliwombo, mayi wogulitsa anapiye anali pamzere wa pachipata cha m'malire, akukupiza katoni yake ndi chiphaso. Dalaivala wa thiraki amene anaima kumbuyo kwake ndiye anayamba kulankhula.

"Musadandaule mayi. Maiko athuwa anagwirizana, masiku ano zidindo zonse ziwiri amadinda pazenera limodzi."

"Nanga zeneralo n'lotseka bwanji, bambo?"

"Abwana akwathu apita kukadya. Abwera posachedwa."

"Akabwera basi ndizipita?"

"Ayi, iwowo akamakhala pansi, anzawo atsidya linalo amakhala akunyamuka. Simukuona mawotchi awiri pakhomapo? Nthawi yakwawo imatsalira ndi ola lathunthu, ndiye aliyense amadya potsata wotchi ya dziko lake."

"Ha! Nduna zonse zija, kudula riboni, kukumbatirana pa TV, koma kulephera kugwirizana za nkhomaliro yokha?"

"Akuti nkhaniyo ili ku komiti."

Mayiyo anavundukula katoni, n'kutulutsa kamwanapiye kakufa, kachitatu tsiku limenelo. Anakagoneka bwinobwino pazenera paja.

"Abwanawo akakhuta ayambe kudindira aka. Pamzere wonse uno, ndi kokhaka kamene kalibe changu."