Babu lofika m'mawa

Pa siteji ya Nathenje, bambo wachikulire atapakata batire anaonetsa babu kwa mayi wovala ovolosi.

"Mayi, mukuoneka a zamagetsi. Batireli likumatha tambala asanalire. Lafa kodi?"

"Ayi bambo, vuto ndi babuli. Taonani apa: mavolti 12, maampu awiri. Tikachulukitsa, ndi mawati 24. Likudya moto wambiri."

"Nditani tsono?"

"Gulani la theka la ampu. Amenewo ndi mawati sikisi basi, lifika m'mawa. Kungoti liziwala pang'ono, kuwerenga kuvuta."

"Sitiwerenga ife. Mayi akunyumba chidwalireni sitiroko satha kundiitana. Akadzidzimuka usiku amangofuna aone kuti ndilipo."

"Ndiye mawati sikisi akwana, bambo. Mukalipachike mbali yomwe mumagona inuyo."