Tsiku Limene Ndinagwadanso Pamaso pa Apongozi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kwa ine Aginesi wa kufupi ndi Mayani. Ndikufuna ndikuuzeni mmene msana unatsala pang'ono kundithetsera banja.

Ndinavulala chaka chatha podzitwika ndekha thumba la mbatatesi, poti ine ndi makani sitisiyana. Kuyambira pamenepo kugwada kunandikanika. Ndikati ndipinde bondo, ululu unkachoka m'chiuno n'kutsika mwendo wonse. Tsono ine ndimakhala kumudzi kwa amuna anga, ndipo kumeneko mtengwa sapereka madzi kwa apongozi ali chiimire. Ine ndinkapereka ndili chiimire. Ndinafotokoza, koma poti kumunda ndinkapitabe motsimphina, apongozi aakazi anati ndikunama, mwano wandikulira. Amuna anga sanandiikire kumbuyo, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa msanawo.

Kenaka mawu anabwera akuti tikangokolola chimanga ankhoswe adzakhala pansi, ndipo ngati sindisintha ndibwerere kwathu. Ndinachita mantha, abale. Banja la ana atatu lithe chifukwa cha bondo? Pa Misa anzanga akagwada ine ndinkatsala pabenchi, ndikulira chamumtima kuti Ambuye, ndingogwada basi.

Yankho linadzera mwa mayi wachisilamu, a Mariamu, amene ndimagula sopo m'golosale mwawo pa Dedza. Ataona mmene ndinavutikira kutola mpango wanga utagwa, anandiuza za pilatesi, masewera olimbitsa mimba ndi msana amene amayi amachita Loweruka lililonse m'holo ina m'tauni. Nditakasuzumira, ndinafuna kuthawa. Amayi akuluakulu agona chagada pamikeka, miyendo m'mwamba!

"Mayi, muno mulibe mwamuna," anatero a Mariamu. "Valani thalauza m'kati mwa chitenjecho, mugone apa."

Mphunzitsi wa masewerawo anayamba wanditumiza kuchipatala kuti akandione. Kenaka anandiphunzitsa kupuma ndi kukokera mchombo m'kati, pang'onopang'ono. Masabata oyamba sindinaone kusintha kulikonse, uku chimanga chikuuma m'munda. Kunyumba ndinkayeserera kuseri kwa nkhokwe, kuopa kusekedwa.

Tsiku la ankhoswe linakwana. Ndinanyamula beseni la madzi osamba m'manja, maso onse ali pa ine. Ndinakoka mpweya monga ndinaphunzirira, n'kuyamba kutsika. Bondo limodzi linafika pansi, linzake linatsatira. Apongozi anasamba m'manja mosafulumira, ine ndili chigwadire, thukuta likutsika pamphumi, milomo nditaluma. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anapukuta manja, nandigwira pamkono.

"Dzukani bwinobwino, mayi, mungadzipwetekenso."

Misozi inangotuluka yokha, poti aka kanali koyamba apongozi kuvomera kuti ndinkadwaladi. Za kubwerera kwathu palibe anazitchulanso.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira thandizo kudzera pakhomo limene sindinkaliganizira. Inu amene mukuvutika, musaleke kupemphera, ndipo thandizo likabwera musalikane chifukwa cha manyazi. Lamulungu lapitali ndinagwada Misa yonse.