Mayi Zelesi Sikelo ndi Mpope Woonera Nyenyezi

Akuluakulu a mpingo, mafumu athu, anamfedwa, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe pano, imvani mbiri ya mayi amene tikuwaperekeza lero. Yalembedwa ndi akubanja mothandizana ndi a Kalabu ya Nthanda, gulu la anthu okonda kuyang'ana nyenyezi kuno ku Manjawira.

Malemu Mayi Zelesi Sikelo, aNaNgozo, anabadwa pa 3 Meyi m'chaka cha 1951, m'mudzi mwa Chimkwita, kufupi ndi mishoni ya Nzama, m'boma lathu lino la Ntcheu. Anali achitatu mwa ana asanu ndi awiri a Bambo Yoramu Ngozo ndi Mayi Salome. Bambo awo ankagwira ntchito m'migodi ya ku Joni ndipo kumudzi ankaonekera kamodzi pa zaka ziwiri, kotero amene analera anawo ndi mayi awo ndi khasu lawo. Malemu anabatizidwa ali khanda ku Nzama komweko, ndipo analimbitsidwa m'chaka cha 1963.

Sukulu anayamba m'chaka cha 1959 pa mishoni pomwepo. Anali akuthwa pa masamu, koma analekezera Sitandade 6 chifukwa mayi awo anagona chaka chathunthu ndi matenda, ndipo panalibe wina wogwira munda. Sanamvekepo akudandaula za izi pagulu. Koma ana awo akuchitira umboni kuti pepala lililonse lokhala ndi zilembo, ngakhale lokulungira usipa, malemu ankayamba aliwongola n'kuliwerenga asanasonkhere moto.

M'chaka cha 1970 anakwatitsa ukwati woyera ndi Bambo Bizwell Sikelo, nabwera kudzakhala kuno kwa amuna awo, kumene anaphunzira kulima mpunga wothirira m'dambo la kumunsiku. Chaka chotsatira Bambo Sikelo ananyamuka ulendo wa ku migodi. Anabwerako m'chaka cha 1975 atatenga njinga, chifuwa cha fumbi la pansi pa nthaka, ndi magalasi oonera patali amene anagula kuti azioonerera mpira. Kuno kumudzi magalasiwo anapeza ntchito ina: bambowo ankakhala pachulu n'kumaona ngati mpheta zatera mumpunga.

Tsiku lina madzulo, akuweruka kumunda, Mayi Sikelo anapempha magalasi aja naloza kumwezi. Anaona maenje, mapiri ndi zigwa pamalo pamene moyo wawo wonse ankangoona kuyera kokhakokha. Atawatsitsa anauza amuna awo kuti, "Abambo a Cedric, chinthu chabwino chotere mwakhala mukuchithera pa mpheta?" Kuyambira tsiku limenelo magalasi anasintha mwini.

Mayi Sikelo anayamba kufunsa okalamba maina a nyenyezi: Nthanda imene imatsogolera m'bandakucha, kagulu ka Nsangwe, ndi Mlalang'amba umene umadutsa thambo ngati msewu wa fumbi. Anagula kope, n'kumalembamo nyenyezi imene yatuluka, mwezi umene yatulukira, ndi tsiku limene mvula yoyamba yagwa. Makope amenewa alipo khumi ndi anayi, ndipo ali m'manja mwa kalabu. Bambo Sikelo anamwalira m'chaka cha 1996, chifuwa chija chitawavuta zaka zambiri, ndipo malemu anatsala okha ndi ana asanu, munda wa mpunga ndi magalasi awo.

Kalabu inabadwa chifukwa cha diso la munthu. Mu Juni chaka cha 2001 kunachitika kadamsana, dzuwa linadyeka masana kukuwala. Mayi wina woyandikana nawo nyumba analiyang'anitsitsa nthawi yaitali ndi maso osaphimba, ndipo diso lake limodzi silinaonenso bwino. Nkhaniyi inawadya mtima malemu, pakuti iwo ankadziwa kuti dzuwa siliyang'anidwa, koma sanauze aliyense. M'mawa mwake anavala nsalu yawo ya kutchalitchi napita kwa a Chrispin Maganga, mphunzitsi wa sayansi pa sekondale yoyendera. Mawu amene anawauza a Maganga sanawaiwale: "Aphunzitsi, inu muli ndi mabuku, ine ndili ndi anthu. Tikapitiriza kukhala payekhapayekha, maso atha m'mudzi muno."

Anayamba anthu asanu ndi anayi: alimi asanu, mphunzitsi, kalipentala, wogulitsa zitumbuwa ndi katekisiti. A Maganga anapeza galasi lalikulu la makina akale oonetsera kanema amene anali atatayidwa, ndi lina laling'ono loikapo diso. Malemu anabweretsa mpope wa pulasitiki wotsala pa ntchito ya mthirira. Kalipentala anakhoma miyendo itatu ya bulugamu. Anayesa kanayi osaona kanthu, kachisanu mwezi unabwera pafupi ngati ungagwiridwe ndi dzanja. Chipangizocho sanachipatse dzina lachilendo. Anangochitcha Mpope, ndipo mpaka lero ndi Mpope.

Kadamsana wina atayandikira mu Disembala chaka cha 2002, kalabu inayenda mudzi ndi mudzi sabata yathunthu. Malemu ankanyamula sefa ya ufa. Ankauza anthu kuti afulatire dzuwa, akweze sefa m'mwamba, ayang'ane pansi, ndipo adzaona tidzuwa ting'onoting'ono tambirimbiri tikudyeka pa dothi. Anthu anaseka, koma tsikulo litafika sefa zinasowa m'makhitchini. Palibe diso limene linawonongeka dera lino.

Tsopano tifika pa nkhani imene ambiri a inu mukuidziwa, ndipo ena munalipo. Bambo Paison Mwandira, amene akhala kutsogoloku, apempha okha kuti iwerengedwe ndi dzina lawo lomwe, osabisa kanthu.

Nyengo imeneyo njala inali itangotisiya, mitima ya anthu ili m'mwamba. Kunamveka mphekesera za anamapopa, zoti kuli anthu oyenda ndi mipope kumapopa magazi a anzawo ali mtulo. Mwana wamkazi wa a Mwandira, Tisunge, wa zaka zinayi, anafooka mwadzidzidzi. Zikhatho zinayera, milomo inatuwa, kulira komwe kunkamukanika. Wina ananong'oneza bambo wakeyo kuti asafunefune patali, pakuti pali anthu amene dzuwa likalowa amanyamula chimpope paphewa kupita nacho kubwalo la sukulu.

Linali Lachisanu, mu Januwale 2003. Mvula inali itakata, mwezi uli theka, ndipo a kalabu anali atangoimika Mpope pabwalo. Anangomva phokoso likuchokera kumsika. Anali amuna oposa makumi atatu, ena ndi zibonga, ena ndi zikwanje, ena miyala m'manja, a Mwandira ali patsogolo. A Maganga ananena kuti athawire kuseri kwa makalasi. Malemu anakana. Anati munthu akathawa lero ndiye kuti wavomera mlandu, ndipo mawa adzamutenthera nyumba. Anamanga nsalu yawo zolimba, naima pambali pa Mpope, manja ali poyera.

Gulu lija litafika pafupi, malemu sanadikire kuti afunsidwe. Anati, "A Mwandira, ndamva kuti mwana wadwala. Pepani. Bwerani nokha. Ngati magazi ake ali mumpopemu, muwapeze ndi dzanja lanu, ndipo mukawapeza mundichite chimene mwadzera."

Anamasula galasi la kutsogolo, namasulanso la kumbuyo, mpope n'kutsala pululu. A Mwandira anaponya chibonga pansi, nalowetsa mkono mpaka m'phewa. Anautulutsa uli ndi fumbi ndi ulusi wa kangaude. Mnyamata wina kumbuyo anaseka, koma malemu anamudzudzula pomwepo kuti pasapezeke woseka, pakuti bambo amene mwana wake akufa sasekedwa. Kenaka anabwezera magalasi m'malo mwake, nalozetsa Mpope kumwezi, nauza a Mwandira kuti aone chimene anthuwo amadzera pabwalopo.

A Mwandira anawerama, naika diso pa Mpope. Atadzuka anangofunsa kuti, "Mayi, maenje onsewa wakumba ndani?" Amuna ena aja anayamba kukankhana kuti aone nawo. Poti Mpope umafuna manja awiri kuti usagwedezeke, aliyense ankayamba watula chida chake. Posakhalitsa panali mulu wa zibonga uko, mzere wa anthu uku.

Malemu sanakhale kuti aonerere zimenezo. Anasiyira a Maganga mzerewo, nagwira a Mwandira pamkono kuti awatsogolere kunyumba. Atafika anatsegula chikope cha mwana, namukhudza pamphumi, nauza makolo ake kuti wopopa magazi alipodi, koma dzina lake ndi malungo. Anabwereka ngolo madzulo omwewo mpaka kumsewu, kenaka galimoto mpaka kuchipatala. Kumeneko madokotala anati mwana afunika magazi msanga. Magazi a bambo ake sanagwirizane ndi a mwanayo, a mayi ake anali ofooka ndi pakati. Amene anapinda malaya natambasula mkono ndi Mayi Sikelo. Tisunge anachira. Lero ndi mayi wa ana awiri, amasoka zovala ku Lizulu, ndipo nsalu yoyera imene yaphimba bokosili wasoka ndi iyeyo. A Mwandira analowa kalabu sabata yotsatira, ndipo akhala wapampando wake kwa zaka khumi ndi chimodzi.

Kuchokera apo kalabu inakula. Loweruka limodzi mwezi uliwonse Mpope unkakwera njinga kupita kusukulu ina kapena kumudzi wina. Unafika ku Nzama, kwawo kwa malemu, unafikanso pa msika wa Lizulu, kumene anzathu a tsidya la malire anasiya matumba a mbatatesi kudzaima pamzere. Ana asukulu oposa zikwi zitatu analembetsa maina awo m'kope la alendo. Paulendo umenewu malemu anazindikira chinthu china. Okalamba ena akayang'ana mumpope ankati akungoona chifunga, pamene anzawo akuona mwezi bwinobwino. Anafunsa kuchipatala, ndipo anauzidwa kuti imeneyo ndi ng'ala, imene imachotsedwa. Kuyambira pamenepo kalabu inkalemba maina a anthu otere, ndipo madokotala a maso akabwera ku boma inkawaperekeza. Anthu makumi anayi ndi mmodzi anaonanso chifukwa cha ntchito imeneyi, ndipo ena a iwo ayenda okha kubwera pamaliro pano.

Sitinganame kuti malemu anali munthu wofewa. Wochedwa pa msonkhano ankamufunsa pagulu ngati nyenyezi zinamulonjeza kuti zimudikira. Woyatsa foni pamene ena akuyang'ana kumwamba ankamulanda, n'kuisunga m'nsalu mpaka pomaliza, ngakhale akhale mwana wa mfumu. Koma munthu yemweyo akadwala, oyamba kufika ndi phala anali iwo.

Ku mpingo anali mkhristu wokhazikika. Anatsogolera mphakati wawo zaka zisanu ndi zitatu, anali wa bungwe la amayi a Chikatolika, ndipo ankaphunzitsa ana a ukaristia woyamba. Ena atawafunsa ngati kusuzumira kumwamba sikuchepetsa chikhulupiriro, iwo anayankha kuti sanaonepo mmisiri wokwiya chifukwa anthu ayang'anitsitsa ntchito yake.

Matenda a shuga anawapeza m'chaka cha 2015, koma sanasiye munda kapena kalabu. Mu Meyi chaka chino cha 2022 anagwa ali kudimba, ndipo mbali ya kumanzere inafa. Anagonekedwa pa chipatala cha boma ku Ntcheu masabata atatu, kenaka anabwerera kunyumba, kumene ana ndi a mphakati ankasinthana powasamalira. Pakamwa panalemera, koma nzeru zinali zonse. Lamlungu lapitali analandira masakramenti a odwala. Atachoka ansembe, anaitanitsa a Mwandira ndi a Maganga nawafunsa za ulendo wa kusukulu ya pulayimale ya Kamphoni, umene unakonzedwa Loweruka likubwerali. Atauzidwa kuti a kalabu akuganiza zouimitsa chifukwa cha matenda awo, anapukusa mutu nati ana anauzidwa kale, ndipo mwana salonjezedwa kawiri. Anamwalira Lachiwiri pa 16 Ogasiti, dzuwa likutuluka, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi.

Choncho a kalabu akudziwitsa makolo ndi aphunzitsi a ku Kamphoni kuti Loweruka ulendo ulipo. Tidzanyamuka pano pa siwa nthawi ya 4 koloko madzulo, ndipo wochedwa adzatipeza kutsogolo.

Mayi Zelesi Sikelo asiya ana asanu: Cedric, Lufina, Wilfred, Thandi ndi Nicholas. Asiya adzukulu khumi ndi asanu ndi awiri, ndi adzukulutudzi anayi. Asiya mlongo wawo mmodzi, Bambo Maynard Ngozo a ku Chimkwita, ndi ang'ono awo awiri. Asiya akhristu anzawo a mphakati, ndi mamembala makumi asanu ndi limodzi kudza atatu a Kalabu ya Nthanda.

Pitani bwino, aNaNgozo. Ambuye amene munawatumikira akulandireni ndi manja awiri. Apumule mu mtendere.