Chitseko cha Mlangizi

Pa benchi yodikirira ma ARV, telala wina anasiya kuyang'ana foni yake atamva dalaivala wa minibasi akudandaulira mayi wogulitsa makala amene anakhala naye pafupi.

"Mayi, taganizani! Ndabwera kudzatenga mankhwala, nesi akuti ndiyambe ndaonana ndi mlangizi wa za maganizo. Ine ndine wamisala?"

"Mwamuuza chiyani nesiyo, bambo?"

"Ndangoti tulo sitikubwera, chakudya sichikukoma, ndipo mapiritsiwa masiku ena ndimangowayang'ana. Basi!"

"Ndiye mukuti basi?"

"Nanga kucheza n'kuchiza? Mwamuna wamkulu ngati ine ndikakhale pa mpando n'kumalira pamaso pa kamtsikana?"

"Inenso ndinkayankhula choncho. Ndinasiya kumwa mankhwala, ndinkangodzitsekera m'nyumba, ana akudziphikira okha. Kamtsikana mukukanenako ndi kamene kanandidzutsa."

"Kanakubayani jakisoni?"

"Aaa, bambo inu! Kankandifunsa mafunso, ine n'kumayankha, sabata ndi sabata, mpaka ndinatulutsa zimene ndinkaopa kuuza ngakhale mchemwali wanga."

"Nanga anthu akandiona ndikulowa m'chipinda mwa mlangiziyo?"

"Anthu ake ati? Tonse tili pa benchi pano vuto lathu n'limodzi! Mumanyamula miyoyo ya anthu m'minibasi muli osagona, koma mukuopa chitseko?"

Dalaivalayo anatembenuzatembenuza makiyi m'manja.

"Amachedwetsa munthu? Minibasi ndaisiya pa siteji."

"Pitani, malo anu ndikusungirani. Koma mukalowa mmenemo musakayambe zoti muli bwinobwino. Amuna inu ndimakudziwani."