Bambo anasiya kachasu, anasiyanso kutchula mayi

Aulutsi athu, ndiwerengereni nkhaniyi, mwina omvera andigawira nzeru.

Ndine mzimayi wa ku Chidzolomondo. Mayi anga anamwalira tili kothawa nkhondo ku Malawi, ine ndili kumsana. Bambo ankawatchula pokhapokha akaledzera: nyimbo imene ankaikonda, mkuyu umene uli pamanda pawo. Koma ankagona asanatchule mudzi umene kuli mandawo.

Ndinapemphera kuti asiye mowa. Atagonekedwa kuchipatala ku Furancungo chifukwa cha chiwindi, anasiyadi. Tsopano ndikafunsa za manda, amangoti, "Mwana wanga, zisiye zimenezo," n'kunyamula khasu.

Dzulo ndinangopezeka ndaima kwa mayi wotcheza kachasu, botolo lili m'manja. Ndinabwerera nalo lopanda kanthu, koma sindinalitaye.

Abale anga, ndisunge bambo amoyowa, kapena ndidziwe kumene anagona mayi?